Mphunzitsi wa Kuseri kwa Windo

Wyson Chadzunda ndi mkazi wake Evelyn anafika kunyanja m'mwezi wa Epulo, chaka cha 1976. Boma linamusamutsa Wyson kuchoka ku Dedza kuti akayendetse kachipatala ka m'mudzi wina wa kumpoto kwa Usisya, kumene galimoto sinkafika. Anatsika sitima ndi mabokosi awiri, makina osokera, ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Gertrude, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mwanayo anachita kumupatsirana m'manja pomutsitsira m'boti, chifukwa mwendo wake wakumanzere unapuwala ndi poliyo akadali wakhanda.

Sukulu inalipo, koma inali kuseri kwa phiri. Evelyn anayenda njirayo kamodzi kuti aione. Anapeza miyala yoterera, mitsinje iwiri yopanda mlatho, ndi malo ena pomwe munthu ankadutsa atagwira mizu ya mitengo, madzi ali pansi pake. Atabwerako sanachulutse mawu.

"Bambo a Getu, mwanayu ndimuphunzitsa ndekha."

"Mukwanitsa?"

"Musanandikwatire ndinkaphunzitsa ana makumi asanu ndi limodzi kumishoni. Mmodzi yekhayu andikanike?"

Nyumba yomwe anawapatsa inali ya zipinda zitatu, ya malata adzimbiri, chapafupi ndi chipatalacho. Posesa m'chipinda chakumbuyo, Evelyn anapeza kuti wina anapaka utoto wakuda pakhoma kuti likhale bolodi. Linali lalifupi, loyambira m'mawondo n'kulekezera pachifuwa cha munthu wamkulu. Pakona panali kampando ka miyendo itatu. Chipindacho chinali ndi windo limodzi la matabwa, lopanda galasi, loyang'ana kumunda wa chinangwa ndi mtengo waukulu wa mango.

Anafunsa Martha, mayi wa m'mudzimo yemwe ankakolopa kuchipatala ndipo ankayankhula Chichewa chosakaniza ndi Chitonga.

"Kodi m'nyumba muno munkakhala ndani?"

"Anthu basi, ama," anatero Martha akufinya chikolopa. "A boma amabwera, amapita."

Sukulu ya m'chipindamo inayamba Lolemba lotsatira. Wyson akangotuluka, Gertrude ankamenya khasu lakutha ndi msomali, ndiye belu limenelo. Kenako ankandandalika mabotolo atatu a mankhwala opanda kanthu m'mbali mwa khoma, aliyense ndi dzina lake, ndipo amayi ake poitana mayina iye ankawayankhira onse kuti, "Ndilipo, aphunzitsi," posintha mawu. Ankayamba ndi zilembo, kenako masamu. Powerengera ankagwiritsa ntchito tizigoba ta nkhono tomwe Martha anawatolera kugombe. Choko chikatha ankalemba ndi chinangwa chouma, chomwe chinkalemba bwino ndithu koma chinkaitana nyerere pabolodi. Dzuwa likafika pakhomo la khitchini, Evelyn ankamusiyira mwanayo ntchito pasileti, iye n'kusenza ndowa kupita kumtsinje. Ulendowo unkamutengera pafupifupi ola lathunthu, chifukwa ankadzera kudziwe komwe Martha anamuonetsa kaviikidwe ka chinangwa.

Gertrude anali wachangu pa zilembo koma masamu ankamuliza. Kuchotsera makamaka. Ankati akaika tizigoba tisanu n'kuchotsapo tiwiri, ankayang'ana tomwe tachotsedwato m'malo mwa totsala.

Tsiku lina mu Meyi, Evelyn akutula ndowa, anamva mwanayo akuwerenga yekha m'Chitonga m'chipinda muja.

"Chimoza, viwi, vitatu, vinayi, vinkhondi."

Anaima pakhomo. Gertrude sanatulukepo pabwalo la nyumbayo chifikireni, ndipo ana a m'mudzimo sankabwera.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezo? A Martha?"

"Ayi. Amayi a pawindo."

"Amayi ati?"

"Amabwera inu mukapita kumadzi. Amati ndiziwerenga mokweza kuti azimva."

Evelyn anasuzumira pawindo. Kunalibe munthu. Masamba a chinangwa anangoti zii, opanda ndi mphepo yomwe. Anaseka, n'kudziuza kuti mwana wopatsa mabotolo mayina akhozanso kudzipangira mlendo. Koma atatenga sileti anaona kuti masamu onse asanu ochotsera akhoza, ndipo Gertrude wayamba kulemba seveni wodula pakati, zomwe iye sanamuphunzitsepo.

Mawa lake anafulumira kubwerako kumtsinje. Atafika pomwe njira imakhotera kuchipatala, anamuona. Mayi wamtali, woonda, atavala diresi yabuluu yotuwa koma yochapa bwino, anaima njo pansi pa mango, maso ali pawindo. Sankagwedezeka. Martha anali pompo pakhonde la chipatala akuyanika nsalu za mabala.

"A Martha, mayi uyo ndani?"

Martha anatembenuka. Anayang'ana kumango kuja mosaphethira, nthawi yokwana kuwerenga mpaka khumi.

"Mayi uti, ama?"

"Uyo waima apoyo. Wa diresi yabuluuyo."

"Palivi munthu," anatero Martha. "Palibe munthu apo." Anapitiriza kuyanika.

Thupi la Evelyn linachita tsembwe, dzuwa likuswa mtengo chonchi. Madzi a mu ndowa anamutayikira pamapewa. Pomwe ankapukuta kumaso, mayi uja anali atalowa m'chinangwa, ndipo zomwe zinkaoneka ndi nsonga za mitengo yake zikugwedera motsatizana cha kuphiri.

M'masabata otsatira anamuonanso katatu. Kamodzi kunali kumtsinje. Amayi asanu ndi mmodzi ankatsika ndi mitsuko akucheza mokweza, mayi uja akubwera njira yomweyo. Atakumana, amayiwo anangopatukana, atatu uku atatu uku, nkhani yawo osaduka, popanda ndi mmodzi yemwe woti "Timuoneni," m'dziko lomwe munthu ankapatsidwa moni ngakhale ali patsidya la mtsinje. Kachiwiri kunali kutchalitchi. Mayiyo anaima panja pafupi ndi khomo mapemphero onse, ndipo potuluka mkulu wa mpingo anagwira chanza aliyense, n'kudutsitsa dzanja lake pamaso pa mayiyo kukapatsa munthu wotsatira. Kachitatu Evelyn anaona galu wa Martha, yemwe ankauwa aliyense, atagona pafupi ndi mapazi a mayiyo osadzutsa ndi mutu womwe.

Nkhaniyo anaiulula kwa mwamuna wake masana ena akudya.

"Bambo a Getu, kuseri kwa nyumba ino kumabwera munthu. Ine ndimamuona, mwanayu amamuona, koma mudzi wonse ukuti palibe."

Wyson anasiya kutafuna.

"Ine sindinaonepo munthu."

"Sindinakuuzeni kuti ndi mwamuna kapena mkazi, wamkulu kapena mwana. Simukufunsa bwanji?"

"Amake Getu, ife kuno ndife alendo. Tinabwera ndi kalata, tidzachoka ndi kalata. Chomwe eni mudzi sakuchiona, ifenso sitikuchiona."

Anasamba m'manja chakudya chisanathe. Anatenga hamala ndi misomali inayi ya mabokosi aja, n'kukhomera windo la m'chipinda chakumbuyo. Msomali umodzi unapindika kawiri.

Kuyambira tsiku limenelo m'chipindamo munali mdima ndi fungo la mileme. Ankaphunzira chitseko chili chotsekula kuti muziwala pang'ono. Gertrude analeka kumenya belu. Mabotolo ake anawatembenuzira kukhoma. Amayi ake akamufunsa funso ankayankha ndi mawu amodzi, maso ali pamatabwa okhomedwawo. Evelyn ankati akasenza ndowa mtima unkamuuza kuti abwerere, koma pakhomo pankafunika madzi, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sakanamubereka kutsetsereka kumtsinje ndi kukweranso. Ankamutsekera ndi loko.

Lachinayi lina anatseka chitseko mwaphokoso, anayenda mpaka kuseri kwa chimbudzi, anatula ndowa pansi, n'kubwerera monyang'ama. Anatsekula loko pang'onopang'ono ndi kukhala pansi m'kanjira ka pakati pa zipinda. Anadikira. Ankangomva choko chikukwecha pasileti. Kenako matabwa a windo anagogodedwa kawiri ndi chala.

"Mwabwera," anatero Gertrude, mawu ake atatsitsimuka.

"Ndabwera, mwana wangu. Tizigoba tili pafupi?" Mawuwo anali otsika, osasa ngati a munthu yemwe sayankhula kawirikawiri, koma Chichewa chake chinali chomveka, cha munthu wopita kusukulu.

"Tili pano."

"Ika titatu. M'nyumba muli anthu atatu. Kwabwera boti, latenga mmodzi. Atsala angati?"

"Awiri."

"Usayang'ane yemwe wapita. Yang'ana otsala. Tsopano mvula yabwera, yatenganso mmodzi. Atsala angati?"

"Mmodzi."

"Wakhoza. Nanga anthu onse akanena kuti mmodziyo kulibe, atsala angati?"

Gertrude anayang'ana kachigoba kotsalako.

"Koma kachigobako ndikukaona."

"Lemba chomwe ukuona."

Evelyn anadzuka. Anatuluka, anazungulira nyumba, ndipo asanadzipatse mpata woganiza anamugwira mayiyo pamkono. Ankayembekezera kugwira mphepo kapena chinthu chozizira. Mkonowo unali wofunda, wa thukuta, fupa lokhalokha. Mayiyo ankanunkha utsi wa nkhuni. Pakakolo pake panali chilonda chomangidwa ndi kansalu, ntchentche zikuzungulira.

Mayiyo sanathawe. Anayang'ana dzanja la Evelyn pamkono wake ngati chinthu chachilendo.

"Mwandigwira," anatero. "Papita chaka ndi miyezi isanu munthu osandigwira."

"Ndinu ndani? Mukufuna chiyani kwa mwana wanga?"

"Tsikani pansi, ama, angakuoneni. Chinangwachi n'chachitali."

Anakhala pansi pakati pa mizere. Mayiyo anati dzina lake ndi Florence, mwana wa m'mudzi momwemo. Mwamuna wake, Stanley, ndiye ankayendetsa chipatalacho Wyson asanabwere. Tsiku lina mapepala okulungira mapilitsi atatha, Stanley anang'amba nyuzipepala yakale, osaona kuti kuseri kwake kunali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Wodwala wina anafika kunyumba ndi theka la nkhopeyo. Patapita milungu iwiri kunabwera boti la injini ndi amuna anayi, ndipo anamutenga Stanley ali ndi jakisoni m'manja. Kuyambira pamenepo sanamvenso za iye.

"Bolodi lija anapaka ndi iyeyo," anatero Florence. "Mwana wathu Felix anali wa chifuwa chobanika, phiri lija sakanalikwera. Ndinkamuphunzitsa ine. Atatitulutsa m'nyumbamo tinakakhala mumsasa wa kumunda kwa malemu amayi anga, kumtunda uko. Mvula itayamba, chifuwa chinamutenga."

"Abale anu?"

"Alipo. Martha ndi msuweni wanga. Koma pamsonkhano wa chipani ananena kuti mkazi wa chigawenga kulibe m'mudzi muno, ndipo yemwe adzamupatse moni adzakwera boti lomwelo. Ndiye kulibe." Anathamangitsa ntchentche pachilonda. "Si anthu oipa. Pamwala wa kunjira yanga ndimapezapo usipa, mwina mchere. Woika sindimuona, nayenso sandiona."

"Nanga pawindo langa mumadzatani?"

"Ndinkadutsa tsiku lina, ndinamva khasu likulira, kenako mwana akutchula zilembo m'chipinda chomwe chija. Miyendo inakana kupitirira. Ndinkangofuna kumvetsera basi. Koma ndinamva akulira ndi masamu ochotsera, ndiye ndinayankhula." Anaweramitsa mutu. "Mukandiletsa sindibweranso."

Evelyn sanamuletse, komanso sanamuuze kuti azibwera. Analowa m'nyumba, anatenga madzi amchere ndi nsalu yoyera, n'kumutsuka chilondacho. Florence atapita, anatenga hamala n'kuzula misomali inayi ija. Wyson pobwera anaona windo lili lotsekula. Anayang'ana mkazi wake, mkazi wakenso anamuyang'ana. 

Miyezi ya Juni, Julaye ndi Ogasiti sukuluyo inali ndi aphunzitsi awiri omwe sankakumana. Evelyn ankaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba, kenako ankasenza ndowa n'kumachedwa dala kudziwe la chinangwa. Pobwera ankapeza masamu atachitidwa. Nthawi zina ankasiya pawindo mbale ya mbatata kapena kachidutswa ka sopo, ndipo ankapeza mbaleyo ili yotsuka. Tsiku lina anapezamo kabuku ka masamu a Sitandade 2, kakutha m'makona, dzina la pachikuto litafufutidwa ndi makala. Gertrude anayambanso kumenya belu. Anaphunzira kubwereka pochotsera, anaphunzira matebulo a kuchulukitsa mpaka sikisi, ndi mayina a nsomba m'Chitonga, nsomba zomwe sanazionepo zamoyo.

Phunziro lovuta linali la Evelyn mwini. Akakumana ndi Florence panjira pali anthu, ankayenera kuyang'ana kutsogolo ngati mwadutsa mphepo. Ulendo woyamba anakanika, maso anathawira okha kwa mnzakeyo. Ulendo wachitatu anakhoza bwinobwino, mpaka anapitiriza kuseka nthabwala ya mayi yemwe ankayenda naye. Atafika kunyumba anakhala pamwala wa kukhitchini nthawi yaitali, ndowa ikadali pamutu.

Ndipo anayenera kumuphunzitsanso mwana wake.

"Getu, za amayi a pawindo sitiuza munthu. Ngakhale atafunsa ndani."

"Si inu munati kunama ndi tchimo?"

"Ndinatero."

"Ndiye?"

"Ndiye ungokhala chete. Kukhala chete si kunama."

Gertrude anawayang'ana amayi ake mmene ankayang'anira samu yomwe yankho lake silikumukhutiritsa.

Kumayambiriro kwa Seputembala kunabwera a Killion, tcheyamani wa chipani m'deralo, bambo wonenepa wa jekete yakuda ngakhale kunkatentha. Anafika nthawi ya phunziro, Evelyn asanapite kumadzi.

"Ndamva kuti muli sukulu m'nyumba ya boma," anatero akumwetulira. "Ndati ndidzaone ngati ana akuphunzira zoyenera."

Evelyn anawapatsa mpando m'chipinda momwemo. A Killion anamufunsa Gertrude ngodya zinayi za dziko, ndipo iye anazitchula osapunthwa: umodzi, kukhulupirika, kumvera, kusunga mwambo. Anamupatsa samu, anaikhoza. Kenako anatola kabuku ka masamu kaja, anayang'ana pachikuto pofufutidwa ndi makala, n'kukabweza pomwe kanali.

"Wanzeru mwanayu. Tawerenga tizigobato ndimve."

Gertrude, posangalala ndi kuyamikiridwa, anayamba: "Chimoza, viwi, vitatu..."

Anadukiza yekha. 

"A-a, Chitonga chenicheni," anatero a Killion mofatsa. "Wakuphunzitsa ndani, mwana wangu?"

Evelyn anali ataima moyang'ana windo, ndipo anaona chomwe mtima wake unkaopa. Florence anali atafika pansi pa mango, poyera, mtunda woti munthu akhoza kuponya mwala. Atazindikira kuti m'chipindamo muli mlendo anauma pomwepo. A Killion anatsatira maso a Evelyn. Anayang'ana kunjako, ndipo panalibe chotchinga pakati pa iwo ndi mayiyo.

Gertrude anayang'ana amayi ake, kenako pansi. Sanayankhe.

"Amamva kwa odwala akamadutsa," anatero Evelyn.

A Killion anapitiriza kuyang'ana pawindo. Thukuta linatsika m'khosi mwawo kulowa m'kolala. Evelyn anazindikira kuti bamboyo nayenso wagwidwa. Akanati aloze, ndiye kuti waona munthu yemwe iye mwini analengeza kuti kulibe.

"Mango abereka chaka chino," anatero pomaliza. Anadzuka, anakonza jekete. "Windoli muzitseka, mayi. Kumalowa udzudzu."

Florence sanabwere mawa lake, ngakhalenso mkuja. Mbale ya pawindo inkakhala mmene Evelyn waisiyira mpaka nyerere kuipeza. Gertrude ankachita masamu ake n'kuwawerenga mokweza kuwindo lopanda munthu, kenako n'kumvetsera. Sabata itatha, Evelyn anasenza ndowa ngati wa kumadzi, koma atafika pamphambano anakhotera kumtunda. Pamwala womwe Florence ananena panali timilu titatu ta usipa, tosiyana kauma kwake, tonse tosakhudzidwa.

Msasawo unali kumapeto kwa munda, udzu wa padenga utayamba kugwa. Florence anagona pamphasa, thupi lili moto. Mwendo unatupa mpaka m'ntchafu, ndipo fungo lake linamubweza Evelyn pakhomo asanalimbe mtima kulowa. Wodwalayo anatsegula maso.

"Wafika pa tebulo la seveni?" anafunsa.

"Wafika. Khalani chete, ndikukatenga bambo ake."

Anamupeza Wyson akuwiritsa majakisoni. Anadikira wodwala womaliza atuluke.

"Bambo a Getu, kumtunda kuli munthu akufa."

"Amake Getu..."

"Musandiuze za kalata. Munaphunzira ntchitoyi zaka zitatu. Nyumba mukugonayi inali yake."

Wyson anayang'ana chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chomwe chinali pakhoma pamwamba pa kabati ya mankhwala, kenako anayang'ana panja pomwe Martha ankasesa. Anatenga chikwama chake, anaikamo mabotolo awiri, n'kunena mokweza kuti aliyense amve:

"A Martha, ndikukayendera zimbudzi za kumtunda. Wobwera adikire."

"Yewu, ada," anatero Martha osadzutsa mutu. "Za kumapeto kwa munda wa chinangwa ndiye zoipa kwambiri. Muyambire kumeneko."

Wyson anayendera zimbudzi masiku anayi otsatizana. Tsiku lachinayi anabwerako msanga, anakhala pakhonde, n'kuvula nsapato.

"Poizoni anali atalowa kale m'magazi," anatero. "Ndikanapita mwezi watha." 

Kunalibe uthenga wa maliro, kunalibe belu la kutchalitchi, kunalibe wolira. Koma mmawa mwake Martha anaima pakhomo la khitchini atanyamula khasu.

"Ama, amayi tikupita kukazula chinangwa kumtunda. Ngati muli ndi nsalu yoyera, chinangwa chimafuna pofundika."

Evelyn anatenga nsalu ya pabedi ya ukwati wake. Gertrude anamugwira chitenje.

"Ndipita nawo."

"Ndi kuphiri, Getu."

"Mundibereke."

Anamubereka, miyendo ya mwanayo ikumumenya m'mawondo, njira yonse.

Kumundako anapeza amayi khumi ndi awiri. Pafupi ndi kamtumbira kakang'ono komwe kanamera udzu panali dzenje lokumbidwa kale, lakuya bwino, m'mbali mwake mosalala. Dothi linali likadali lonyowa, koma panalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe, ndipo palibe anafunsa kuti wakumba ndani. Amayiwo anasambitsa thupilo, analikulunga m'nsalu ndi mphasa, analitsitsa ndi zingwe za ukonde. Zonsezi ankachita akukamba za chinangwa: kuti cha chaka chino n'chowawa, kuti mbewa zachuluka, kuti mvula ifulumira. Mawu awo anali wamba, koma misozi inkatsika pankhope zawo n'kumagwera m'dothi, ndipo panalibe woipukuta. Evelyn anamva tsitsi likumuima kuposa tsiku lija anamuona Florence koyamba.

Atakwirira, aliyense anazula phata limodzi la chinangwa n'kuika pamutu. Gertrude, yemwe anakhala pamwala nthawi yonseyi, anafunsa mokweza m'Chichewa:

"Amayi, sitiimba?"

Amayi onse anaima. Martha anayandikira, anagwada, n'kumukonza mwanayo kolala ya diresi.

"Pozula chinangwa sitiimba, mwana wangu," anatero. Kenako anatsitsa mawu kwambiri. "Koma ankakukonda. Anandiuza."

"Munkayankhula nawo?"

Martha anadzuka, anasenza chinangwa chake, n'kutsogola kutsika phiri.

Sukulu ya m'chipinda chakumbuyo inapitirira. Evelyn anatenga kabuku ka masamu kaja n'kumaphunzira yekha tsamba la mawa lake akuphika, kuti asachite manyazi pamaso pa mwana wake. Nthawi ya kumadzi ikakwana, Gertrude ankapempha kuti amutulutsire kampando pakhonde lakumaso, komwe kunkadutsa anthu.

Kumapeto kwa Okutobala sitima inabweretsa kalata. Wyson anasamutsidwira kuchigwa cha Shire, kutali ndi nyanja. Kalatayo sinanene chifukwa, ndipo iwo sanadziwe ngati chinali chilango kapena kusamutsa wamba. Kumeneko sukulu inali pafupi ndi chipatala, pamalo athyathyathya. Gertrude atayesedwa anamuika Sitandade 3.

Tsiku lochoka, sitima yomwe inadzawatenga ndi yomwe inabweretsa wolowa m'malo mwa Wyson, bambo wa ku Zomba ndi mkazi wake wachitsikana, wa pakati, atagwira mwana wamng'ono padzanja. Anakumana pamchenga, katundu wa ena akutsika, wa ena akukwera. Amuna awiriwo ankapatsana makiyi. Martha ndi a Killion anali pomwepo pagulu la operekeza.

Mkaziyo anamuyandikira Evelyn, nkhope ili ndi mantha a munthu wofika kumene.

"Amayi, inu mwakhalako kuno. Nyumbayo ndi yabwino? Anthu ake ndi otani?"

Evelyn anatsegula pakamwa. Anaona Gertrude akumuyang'anitsitsa ali m'manja mwa bambo wopalasa boti. Anaona jekete yakuda chapambali pake.

"Imadontha pakona ya kuchipinda chachikulu," anatero. "Muziikapo beseni. Anthu ake ndi aulemu."

Mkaziyo anathokoza. Evelyn anakwinya chitenje chake n'kulowa m'madzi kupita kuboti.